Mwanenepatu, a Jeke

Mwezi uno patha chaka chiwaikireni m'manda alamu anga a Laitoni, amene Matawale yense ankawadziwa ndi dzina loti a Jeke. Sabata yatha achemwali anga, amene ndiwo anali akazi awo, anandiitanitsa kuti ndiwapezere anyamata ochotsa zitsulo za malemuwo kuseri kwa nyumba, chifukwa akufuna kumangapo kachipinda kochititsa lendi ana a sukulu. Ndinapita, ndinaima pakati pa zitsulozo, kenako ndinabwerera kwathu osaitana munthu. Chibwerereni mtima wanga sukukhazikika. Pamaliro paja aliyense amene anapatsidwa mpata woyankhula anayamikira thupi la alamu anga, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti thupi lomwelo ndi limene linawapha.

Dzina la Jeke analitola ali mnyamata. Galimoto ina inaphulika tayala pamsewu wopita ku Liwonde, dalaivala analibe jeke, ndiye iwo anainyamula chakumbuyo mpaka tayala linasinthidwa. Nkhani imeneyi yakhala ikunenepa chaka ndi chaka. Ena amati inali lole, ndipo pamaliro mkulu wina wa mpingo anafika ponena kuti inali basi yodzaza anthu. Ine ndinalipo. Kanali kapikapu kopanda katundu, ndipo anathandizana ndi amuna ena awiri. Koma ndikanena choncho alamu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kumauza anthu kuti munthu wowonda ngati ine ngakhale maso ake amaona zinthu zowonda. Ndine wowondadi chibadwire, ndipo pachilamu chathu chonse nkhani inali imeneyo: iwo kundinena kuti ndine ndodo ya tsache, ine kuwanena kuti achemwali anga anakwatiwa ndi kabati.

Mphamvu zawo zoyamba sizinali zogula. Anazitenga kuphiri, kumene anagwira ntchito yotuta matabwa a paini kuchokera kwa ocheka mpaka kuwafikitsa m'tauni. Anzawo ankatsitsa katundu panjinga, atamangirira chipika kumbuyo kuti chiziwagwirira liwiro, koma iwo ankasenza matabwa aawisi paphewa n'kudzera njira yachidule yotsetsereka, nkhungu itatseka phiri lonse. Ankakonda kunena kuti phiri silinamiza munthu, katundu amene sungathe limakulanda pakhona yoyamba. Atasiya ntchitoyo anatsegula malo onyamulirapo zitsulo kuseri kwa nyumba yawo. Zitsulo zake zambiri sizinali zitsulo n'komwe, koma simenti yothiridwa m'zitini za penti, yolumikizidwa ndi mapaipi. Chachikulu pa zonse chinali ekiselo ya lole yokhala ndi magudumu a simenti uku ndi uku. Chimenecho anachitcha Apongozi, ati chifukwa munthu sufikapo mwachibwana, ndipo ukafikapo umayamba wagwada.

Mowa sankamwa, fodya sankasuta. M'mawa ankaswera mazira aawisi m'kapu, masana m'thumba mwawo simunkasowa mtedza wokazinga. Ngakhale m'nyengo ya chiperoni, pamene ife tonse tinkavala majuzi awiriawiri, iwo ankayenda ndi vesiti yoyera yosita, manja atatalikirana ndi thupi ngati anyamula zidebe ziwiri. Moni wawo unali woopsa, ndipo anthu odziwa ankangowomba m'manja chapatali. Koma anali munthu wofatsa, zimenezi ndiyenera kunena. Ana a m'dera lonse ankalendewera pamikono yawo, ndipo akamva mwamuna akumenya mkazi wake ankangopita n'kukaima pakhomo osanena kanthu, ndewu n'kutha yokha.

Malo amene ankawanyadira koposa anali pamaliro. Bokosi likamatuluka m'nyumba, chogwirira chakutsogolo chakumanja chinali chawo, ndipo adzukulu ankadziwa kuwasiyira. Pamenepo ndi pamene panayambira vuto lonse, ngakhale kuti tinazindikira mochedwa. Zaka zija kaliwondewonde ankatenga anthu mankhwala asanabwere, alamu ananyamula mabokosi a anzawo ambiri a kuphiri. Kenako anamwalira mng'ono wawo Yohane, amene anali wathupi ngati iwo omwe. Alamu anawerama n'kudzutsa bokosi lake ndi mphamvu imene ankadziwa kuti Yohane amafunika, ndipo bokosi linangouluka, pang'ono kupendekeka. Linali lopepuka ngati mulibe munthu. Azimayi anakuwa, ndipo kumbuyo kunamveka manong'onong'o amene aliyense ankawadziwa tanthauzo lake. Kuyambira tsiku limenelo ankanena kawirikawiri, mwina mwanthabwala mwina ayi, kuti tsiku lawo likadzafika onyamula adzabuule ndipo adzasinthane manja asanafike pamsewu.

Masiku ano matenda aja anthu akukhala nawo, akumwa mankhwala awo, akulima ndi kulera zidzukulu, ndipo alamu zimenezi ankazidziwa bwinobwino. Iwo eni analibe matendawo. Koma mutu wawo unatsalira pa bokosi la Yohane. Komanso tisadzinamize, ife a kuno sitinasinthe malonje. Munthu ukamuona patapita nthawi, chomuyamikira nacho ndi chakuti wanenepa, zikuyenda. Ukamuuza kuti wawonda ndiye kuti wamufunsa funso, ndipo funsolo limapitirira mpaka kwa mkazi wake.

Alamu atapitirira zaka makumi asanu, thupi linayamba kubwerera monga limachitira kwa munthu aliyense. Apongozi anayamba kuwavuta. Nthawi yomweyo kunabwera Gifiti, mwamuna wa ku Mbedza amene anakhalitsa ku Joni akulondera pamakomo a malo omwera mowa. Anafika masana anthu atadzaza, khosi lili lofanana ndi mutu, ndipo popanda kugwada anawatukula Apongozi mpaka pachifuwa n'kuwabwezera pansi akutafuna chingamu. Alamu anawomba m'manja pamodzi ndi ena onse. Anthu atabalalika ndinawaona awiriwo ataima pansi pa mtengo wa mapeyala, Gifiti akutulutsa timabotolo m'kachikwama.

Mankhwala ake anali amitundu iwiri. Ena anali masiteroidi, obaya pantchafu, okulitsa minofu. Enawo ankati ndi homoni yokulitsa thupi, ndipo ankafunika kukhala pozizira. Pozizira m'nyumbamo panali pamodzi pokha, mufiriji imene achemwali ankasungiramo mafirizesi ogulitsa kwa ana a sukulu. Choncho kwa zaka zingapo, mwana akabwera kudzagula firizesi, achemwali ankapisa dzanja kudutsa timabotolo ta amuna awo. Magetsi akazima, alamu ankathamanga nato kukapempha malo kwa wagolosale amene anali ndi jenereta, atatikulunga m'nyuzipepala, n'kumuuza kuti ndi mankhwala a nkhuku.

Zinagwira ntchito, sindingakane. Pasanathe nyengo imodzi mikono inabwerera, inapitiriranso pamene inali paunyamata, ndipo Apongozi anayambanso kumvera. Kumsika anthu ankatembenuka. Amuna amsinkhu wawo ankawafunsa chinsinsi, iwo n'kumati ndi mtedza. Anyamata odziwa nkhani anayamba kuwatchula kumbali kuti a Jekeseni, koma pamaso pawo palibe amene anayerekeza.

Zina zinabwera mwakachetechete, ndipo amene ankaziona ndi achemwali. Msana unadzaza ziphuphu ngati wa mwana wotha msinkhu kumene. Mabere anatupa, vesiti yoyera ija inalowedwa m'malo ndi malaya otaya. Nsapato zinayamba kuwathina munthu wamkulumkulu, chibwano chinatalika, mano anayamba kutalikirana. Zala zinakula mpaka mphete yaukwati inamira m'mnofu, ndipo ndine amene ndinawaperekeza kwa owotcherera ku Zakazaka kuti akaidule. Kenako anapezeka ndi shuga, kenako kuthamanga kwa magazi. Choipitsitsa chinali ukali. Munthu amene ankathetsa ndewu za anthu anayamba kuzazira supuni. Tsiku lina achemwali anatenga timabotolo tonse n'kukatiponya m'chimbudzi, ndipo alamu anamenya chitseko cha kuchipinda mpaka chinachoka ndi mafelemu omwe. Akazi awo sanawakhudze, koma iwo eni anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, ndipo mawa lake Gifiti anabweretsa timabotolo tina.

Ine ndinakangana nawo mpaka kutopa. Ndinawatchula chitsiru, ndinawatchula nkhuku yachizungu yokula ndi jekeseni, ndinaopseza kuti achemwali anga ndiwatenga. Ankangondiyankha kuti udzudzu ukamalira pakhutu la njovu umaganiza kuti ukulangiza.

Chimene chinawatengera kuchipatala chinali phuma. Anayamba kulephera kukwera kachitunda kochokera kumsika osaima. Dokotala amene anatilandira anali mtsikana wamng'ono, ndipo atayang'ana chithunzi cha pachifuwa anati, “Bambo, mtima wanu wakula.”

Alamu anadzuka pampando. “Mwana iwe, wandidziwa lero lomwe, ndiye ukuti ndine wokula mtima? Ndakulakwira chiyani?”

“Pamenepo adokotala simunaname,” anatero achemwali. “Akula mtima zedi masiku ano. Kafunseni chitseko cha kwathu.”

Tinaseka tonse, ngakhale dokotala yemwe. Koma kuseka kunatha pamene anafotokoza. Anati mtima nawonso ndi mnofu, ndipo mankhwala amene akubayawo sasankha kuti uwu ndi mkono, uwu ndi mtima, amakulitsa zonse. Mtima ukakhuthala umatopa ndipo umalephera kukankha magazi. Anati mankhwala amenewa ali ndi eni ake: ana amene thupi lawo likukanika kukula, ndi odwala amene matenda awadya mpaka kutha thupi, ndipo ngakhale iwowo amapatsidwa poyeza magazi nthawi ndi nthawi. Alamu pa zonsezo anamva chimodzi chokha, chakuti akhala akudzibaya mankhwala a anthu owonda. Zinawapweteka kuposa za mtima zija. Pamapeto dokotala anawauza mosabisa kuti akapitiriza sakhalitsa, ndipo akasiya azibwera kuchipatala kuti aziwathandiza, chifukwa kusiyako nakonso si kwamasewera.

Anasiya. Izi anthu sazidziwa, ndipo ndikufuna zidziwike: alamu anga anasiya, ndipo analimba kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Inali miyezi yowawa. Thupi linali litaiwala kudzipangira lokha mphamvu zachimuna, popeza linazolowera kulandira za m'botolo. Anafooka, tulo tinasowa, ankangokhala pakhonde atazolika, osafuna kudya kapena kucheza. Mikono inaphwa, khungu linatsala likulendewera, malaya anayamba kuwakulira. Koma phuma linachepa, ndipo achemwali anayambanso kuimba akamachapa. Alamu kunja sankatuluka. Malo a zitsulo anawasiya m'manja mwa anyamata, n'kumati ali ndi malungo osatha.

Chinawatulutsa chinali maliro a mnzawo wakale wa kuphiri, amene sakanatha kuwajomba. Ndinapita nawo. Titafika pasiwa ndinaona anthu akuwayang'ana kawiri, koyamba osawazindikira, kachiwiri atawazindikira. Mayi wina wokalamba, wa mtima wabwino ndithu, anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri n'kunena mokweza kuti, “Iii, a Jeke, mwawondatu! Pepani, sitinamve. Koma mwayamba kulandira mankhwala?” Kenako anatembenukira kwa achemwali n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nthawi yotulutsa bokosi itakwana alamu anapita pamalo pawo paja, kutsogolo chakumanja, n'kutambasula dzanja. Mdzukulu wina anawagwira paphewa mwaulemu wonse n'kunena kuti, “Pumulani madala, tinyamule ife. Inu mungatigwere.”

Palibe amene anawanyoza tsiku limenelo, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa ndilibe munthu womukalipira. Onse anawamvera chisoni basi. Alamu kumanda sanafike. Ndinawapeza kunyumba atakhala pabenchi ya zitsulo, akuyang'ana Apongozi. Sabata isanathe, mufiriji munabwerera timabotolo.

Mkangano wathu womaliza unali pakhonde, masana, achemwali akusankha nyemba chapafupi. Ndinawakumbutsa mawu a dokotala. Nthawi imeneyi sanandinene za udzudzu.

“Alamu,” anatero, “ndikasiya, ndifa anthu akundiloza chala, ndipo alozanso achemwali anuwa. Ndikapitiriza, ndifa akundilonjera. Inu mukanasankha ziti?”

“Ine ndawonda moyo wanga wonse, ndipo ndili pano,” ndinayankha.

“Inu kuwonda ndi kwanu, anthu anakuzolowerani. Ine kuwonda ndi nkhani.”

Achemwali anati iwo kulozedwa chala sakuopa, bola mwamuna wawo akhale moyo, ndipo anthu akafuna kunena anene mpaka milomo itupe. Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti akudziwa. Ndinaona kuti munthuyu khomo akuliona, koma sangathe kutulukirapo.

Thupi linabwereradi, koma ulendo uno linabwera mwachilendo. Nkhope inadzaza, mimba inakula, miyendo inafufuma mpaka ankangovala patapata. Mtima unali utalephera, ndipo chimene chinkawadzaza chinali madzi. Lamlungu lina anaumirira kuti tipite kutchalitchi wapansi. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akuima pamthunzi uliwonse ngati akufuna kupereka moni, pomwe ankafuna mpweya. Ndipo moni anaulandiradi. Wogulitsa nyama pamphambano anasiya mpeni n'kufuula kuti, “Che Jeke! Mwanenepatu! Tsopano mwachira, eti?” Pakhomo la tchalitchi mayi wokalamba uja anawomba m'manja n'kuthokoza Mulungu kuti wamva mapemphero. Alamu ankamwetulira, thukuta lili kamukamu, milomo itada. Sindinawaonepo akusangalala chotero chichokereni maliro aja.

Titabwerera kunyumba anadzigwetsa pampando. Achemwali anagwada kuti awavule patapata, ndipo anandikodola. Anadina chala chachikulu pamsongolo wa amuna awo n'kuchichotsa. Panatsala kadzenje, ndipo sikanabwerere.

“Taonani, achimwene,” anatero motsitsa mawu. “Kunenepa kwake ndi kumeneku.”

Alamu anamwalira m'mawa wina patangopita milungu yochepa, atakhala pampando womwewo, chifukwa kugona chagada kunali kutawakanika. Kalipentala anachita kukulitsa bokosi. Tsiku loika, ndinapempha adzukulu kuti chogwirira chakutsogolo chakumanja andisiyire ine. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anandilola. Titadzutsa, msana wanga unalira. Amuna asanu ndi mmodzi tinabuula pamodzi, ndipo tisanafike pagalimoto tinali titasinthana manja kawiri. Kumbuyo kwanga wina anati, “Eee, koma uyu anali munthu!” Gulu lonse linavomereza monyadira. Ndinadzutsa maso n'kukumana ndi a achemwali. Pa anthu onse aja ndi awirife tokha amene tinkadziwa kuti tanyamula madzi. Alamu anapeza chimene ankafuna, ndipo ine ndinalira chifukwa cha mkwiyo, osati chisoni chokha.

Tsono sabata yatha, nditaima kuseri kwa nyumba kuja, ndinayamba kuwerengera m'mutu amuna amene angathe kuchotsa Apongozi popanda kuitana gulu. Onse amene ndinawaganizira ndi a kwa Gifiti, amene tsopano ali ndi malo akeake ku Mbedza, kodzaza anyamata a kukoleji ndi olondera m'mabala. Gifiti mwini wake ndinakumana naye kumsika posachedwa. Ndi wamkulu kuposa kale, ndipo anaima kawiri pakachitunda kaja, akunamizira kuyankha foni. Anthu ankamupatsa moni womwe uja. Anatumizapo kale uthenga kuti zitsulo za madala azifuna, azisamalira bwino. Ine sindingamuitane. Ndawauza achemwali kuti ndibwereka nyundo yaikulu, ndiziphwanya simentiyo pang'onopang'ono ndi timikono tangati, ikakhale maziko a kachipinda kawoko.

Pakadali pano zonse zili momwe anazisiyira. Benchi yayamba kudyedwa ndi chiswe, ndipo pachitsulo chimene ankadzikokerapo achemwali amayanikapo zovala. Zitini za simenti zachita ndere. Apongozi amira pang'ono m'dothi, chisoso chawazungulira, ndipo nkhuku ya oyandikana nawo imaikira mazira kumunsi kwawo. Kutsogolo kwa Apongozi, pamene alamu ankaponda akamanyamula, pali timaenje tiwiri tofanana ndi mapazi awo, ndipo pamenepo udzu sunamerebe. Mvula ikagwa timadzaza madzi.